Banki Inandikwatitsa kwa Bambo Zimba

Inu owerenga, ine ndine mwamuna wa mkazi mmodzi, ukwati wa kutchalitchi, zithunzi zake zilipo. Koma kwa chaka ndi miyezi ingapo ndinakhala pa mitala osadziwa, ndipo mkazi mnzawo wa mayi a kunyumba kwanga anali bambo wadazi wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi. Musaseke. Ndikanama lilime ili liume. Nkhaniyi inatsala pang'ono kundichotsa ntchito, ndipo inandichititsa chinthu chimene mpaka lero ndikachikumbukira ndili pakudya, ndimakankhira mbale kumbali. Ndalemba kuti wina asaponde pamene ndinaponda ine.

Ndinafika ku Leicester, kudziko la azungu, mu 2016 motsatira akazi anga, mayi a Tadala, amene anapeza ntchito ya unamwino pachipatala cha boma. Kwathu ndinali mphunzitsi wa jogalafe ku sekondale. Kuno ndinalowa ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo: kuwadzutsa, kuwasambitsa, kuwapatsa mankhwala, kenako kuthamangira basi kupita kwa wina. Tinkakhala ku Highfields, m'zipinda ziwiri za pamwamba pa shopu, za khoma lopyapyala moti mnzathu wa mbali inayo akamwa mankhwala a chifuwa ndinkachira ndine. Zoona zimenezi, mayi a Tadala ndi mboni.

Mavuto anayamba tsiku limene ndinafuna foni yolipira pamwezi. Anandikana. Ndinapita ku banki kukafunsa chimene ndalakwa, ndipo mayi wina wachizungu, waulemu wake, anayang'ana pakompyuta n'kunena kuti sindinalakwe kanthu, kungoti ndilibe mbiri. Ndinakhala tsonga. Ndinamufotokozera kuti ndaphunzitsa ana a anthu zaka khumi ndi chimodzi, kuti bambo anga anandilera ndi lamulo loti munthu sagona ndi ngongole, ndiponso kuti padziko lonse lapansi palibe amene angaloze chala kuti ndinamubwereka ngakhale machesi. Mayi uja anagwedeza mutu mwachisoni, nati vuto lake ndi lomwelo.

Kwathu mbiri ndi zimene anthu amanena iwe ukangotembenuka. Kuno mbiri ndi fayilo imene makampani ena amasunga pakompyuta, yolemba ngati unakongolapo ndiponso ngati unabweza pa nthawi yake. Amakupatsanso mapointi. Ife tinazolowera kuti mapointi a mayeso a fomu folo akachepa m'pamene mayi ako amaluluta. Kuno akachepa ndiwe wosadalirika, ndipo ukakhala wopanda ngongole n'komwe ndiwe mzukwa: ukuyenda, ukudya, ukulipira lendi, koma palibe akukuona. Ndikulumbira, tsiku limenelo potuluka mu banki chitseko chodzitsekukira chokha chija sichinanditsekukire. Ndinadikira mzungu wina kuti adutse, ine pambuyo pake.

Ndinayamba kumanga mbiri ngati munthu woumba njerwa. Ndinalembetsa m'kaundula wa mavoti, poti ife a ku Malawi amatilola. Ndinaika dzina langa pa bilu ya magetsi. Ndinaapulaya khadi la ngongole, anandikana. Ndinadikira miyezi, ndinaapulayanso, anandikananso. Kachitatu kampani ina inandimvera chisoni n'kunditumizira khadi la mapaundi mazana awiri okha, la chiwongoladzanja choti wakatapila wa ku Ndirande atachiona angachite manyazi n'kulapa.

Khadi limenelo ndinkaliopa ngati njoka ya m'thumba. Ndinkaguliramo chinthu chimodzi chokha, tikiti ya basi ya pamwezi, ndipo ndinkabweza zonse tsiku lisanakwane. Kangapo konse ndinatsika basi pakati panjira kuti ndione bwinobwino pafoni ngati malipiro adutsa. M'mawa uliwonse ndisanapemphere ndinkayamba ndaona mapointi. Akakwera ndi awiri ndinkaimba nyimbo m'bafa. Akatsika ndi imodzi ndinkayenda tsiku lonse ngati wofedwa, mpaka gogo wina wachizungu amene ndinkamusamalira anandigwira dzanja n'kundifunsa ngati kwathu kwagwa nkhondo. Mayi a Tadala ankati ndikanawayang'ana iwo monga ndinkayang'anira mapointiwo, bwenzi banja lathu likuperekedwa chitsanzo pa maukwati.

Tsopano ndikuuzeni za bambo Zimba. Si dzina lawo lenileni, ndabisa dala. Anabwera kuno kale ife tisanalote n'komwe, ndipo ankagwira ntchito yokankha odwala pa mabedi kuchipatala. Akazi awo anamwalira ife tisanafike. Mmalawi aliyense watsopano ankadutsa m'manja mwawo: matiresi athu oyamba anachokera kwa iwo, ndipo ndi iwo anandiphunzitsa kuti kuno basi siima ukangoiyang'ana mwachifundo, umatambasula dzanja. Ndi iwonso anayambitsa thumba la maliro. Mabanja oposa makumi awiri tinkasonkha mapaundi khumi pamwezi, kuti wina akatisiya thupi lake likagone kumudzi, pakuti kutumiza maliro kwathu kumadula kuposa kutumiza anthu amoyo asanu ndi katundu wawo.

Thumba litakula, bambo Zimba anati si bwino ndalama za anthu zizikhala m'dzina la munthu mmodzi. Anati tichite monga timachitira kwathu ku komiti iliyonse, ya mpingo, ya sukulu, ya mjigo: osayinira akhale awiri. Anthu anatembenukira kwa ine, poti ndine aphunzitsi. Ndinakana kamodzi mwamwambo, kachiwiri ndinavomera, mtima uli dyokodyoko. Munthu amene banki inkamuyesa mzukwa, anthu akwawo amuona!

Tinapita ku banki awiriwiri. Anatiuza kuti akaunti ya gulu imafuna malamulo olembedwa, maminitsi a msonkhano, mayina a komiti, ndi kudikira masabata. Koma akaunti wamba ya anthu awiri ikhoza kutsekulidwa tsiku lomwelo. Bambo Zimba anali ndi shifiti masana, ine ndinali ndi gogo wondidikira. Tinayang'anizana n'kunena kuti ndalama ndi zomwezo, banki ndi yomweyo. Anatipatsa mapepala okwana kufolera khitchini. Sindinawerenge ngakhale tsamba limodzi, ine mphunzitsi amene ndinkalanga ana chifukwa choyankha funso asanaliwerenge. Tinasayina moyandikana, iwo pamwamba, ine pansi. Panalibe ankhoswe, panalibe nthungululu, koma inu owerenga, ukwati unamangidwa pamenepo.

Chaka chinatha bwinobwino. Kenako mu Ogasiti 2018 manijala wathu anatiitana ku ofesi. Anati ntchito za m'tauni zapita ku kampani ina, ndipo zotsala ndi za m'midzi ya kuseri kwa Oadby, kumene basi imadutsa mwa apo ndi apo ngati mvula ya mu Okutobala. Pofika kumapeto kwa Seputembala, wopanda galimoto adzatsala ndi maola osakwana n'kugula mkaka. Ananena akumwetulira. Kuno amakuchotsa ntchito akumwetulira, mpaka umathokoza.

Malipiro a mayi a Tadala ankathera lendi, mabilu ndi wolera mwana. Anga ndiwo ankatidyetsa, ndiwonso ankalipirira sukulu alongo anga awiri kumudzi. Komabe sindinade nkhawa kwambiri. Laisensi ya galimoto ya kuno ndinali nditaipeza, ulendo wachitatu, woyesa uja atatopa nane. Ndipo mbiri ndinali nayo, yaing'ono koma yoyera ngati malaya a ubatizo. Ndinapita kogulitsa magalimoto akale pangongole, ndinasankha kagalimoto kofiira, ndinakhalamo, ndinasintha ngakhale mpando kuti ugwirizane ndi miyendo yanga. Wogulitsa analowetsa dzina langa m'kompyuta. Anawerenga yankho. Kenako anandipempha kuti ndibweze makiyi.

Ndinati kompyuta yawo ndi yodwala. Mawa lake ndinapita kwina, anandikana. Ndinayesa pafoni malo ena awiri, anandikana mofulumira moti kwinako yankho linabwera ndisanamalize kulemba dzina la msewu wathu. Ndikanama mundione ndikuyenda chammbuyo. Chimene sindinkadziwa n'chakuti kuapulaya kulikonse kumasiya chipsera pa fayilo, ndipo zipsera zikachuluka umaoneka ngati munthu wothedwa nzeru amene akugogoda khomo lililonse. Mapointi amene ndinawaunjika miyezi yonse ija anayamba kutsika ngati madzi m'ndowa yobooka. Ndinathira mchere mu tiyi wa gogo wina, iye n'kumwa osadandaula, ine n'kulira m'khitchini mwake.

Mayi a Tadala ndiwo anandilanda foni. Anati ndisiye kugogoda, ndiitanitse fayilo yonse tione chimene akuona enawo. Linali Loweruka m'mawa pamene tinaitsekula pa tebulo. Zonse zinali zoyera: khadi, magetsi, kaundula wa mavoti. Koma pansi penipeni panali kabokosi kolembedwa kuti anthu olumikizana nanu pa zachuma. Dzina la mayi a Tadala panalibe, poti aliyense anali ndi akaunti yake. Panali dzina limodzi lokha, lathunthu, la bambo Zimba.

Ndinaimbira kampani yosunga fayiloyo. Mayi amene anayankha anafotokoza kuti anthu awiri akatsekula akaunti limodzi, kompyuta imawamanga pamodzi, ndipo kawirikawiri amakhala mwamuna ndi mkazi wake. Wokongoza ndalama akamayang'ana mbiri yanga ali ndi ufulu woyang'ananso ya mnzangayo, ndipo poti yanga inali yopyapyala, ya mnzangayo ikhoza kulemera kuposa yanga. Ndinafunsa chimene chili mu fayilo ya bambo Zimba. Anati sangandiuze, ndi chinsinsi chawo. Ndinafunsa ngati n'zotheka kulekana. Anati n'zotheka: titseke akauntiyo, ndilembe fomu yonena kuti sitilinso limodzi, ndidikire mwina mwezi.

Nditadula foni, mayi a Tadala anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

“Ndiye ine zaka zonsezi ndine chibwenzi chabe? Akazi anu a boma ndi a Zimba?”

“Mayi, si nthawi yoseka ino.”

“Sindikuseka. Ndikufunsa kuti mawa kutchalitchi ndikawagwadire ngati akuluakulu anga kapena bwanji.”

Kenako anasiya nthabwala, nandiuza mawu amene ndikanawamvera bwenzi nkhani ino kulibe. Anati ndivale jekete ndipite kwa bambo Zimba tikakambirane awiri. Kwawo kunali misewu inayi yokha kuchokera kwathu.

Sindinapite. Apa ndiye pali tchimo langa, ndipo pano sindikuwonjezera kanthu. Mantha anandiphikira nkhani m'mutu. Ndinati ngati munthuyu ali ndi ngongole zoipa chotere, ndiye kuti ndi wosasamala. Ngati ndi wosasamala, ndalama za maliro zili pangozi. Ngati zatha, dzina langa lili pomwepo, adzamanga ine. Akauntiyo ndinali ndi ufulu woiona pafoni nthawi iliyonse, koma chiitsekulireni ndinali ndisanalowemo, zonse ndinkasiyira iwo, ndipo nambala yachinsinsi ndinali nditaiwala. Kuikonza kukanatenga mphindi khumi. Ine ndinasankha kukwiya, chifukwa kukwiya kunkandipepukira kuposa kuopa.

Lamlungu titatha mapemphero m'kaholo kamene tinkachita lendi, unali msonkhano wa thumba. Anthu anali ndi makapu a tiyi m'manja, ana akuthamangathamanga akukuwa m'Chingerezi. Bambo Zimba atangomaliza kuwerenga mayina a amene apereka, ine ndinaimirira. Ndinayankhula ndi mawu anga a m'kalasi. Ndinati ndakanidwa galimoto kanayi chifukwa dzina langa lamangidwa ku dzina la munthu wa mbiri yoipa ya ngongole, ndipo munthuyo ndi amene akusunga ndalama zathu, choncho gulu lili ndi ufulu wodziwa ngati thumba lilipo kapena latsala dzina.

Holo inazizira. Mayi wina wa ku Zambia amene tinkasonkha naye anaika kapu pansi nati, “Imwe, ndalama zathu zili kuti kansi?” Kumbuyo wina anati iye ankaona kale kuti jekete la madalawa ndi latsopano. Jekete limenelo, inu owerenga, linali lakale kuposa Tadala.

Bambo Zimba sanakweze mawu. Anapisa m'thumba la mkati, natulutsa sitetimenti ya banki ya mwezi womwewo, yopindidwa kanayi, n'kuipereka kwa amene anali pafupi kuti iyende. Inayenda dzanja ndi dzanja mpaka inafika kwa ine. Ndalama zonse zinalipo, mpaka kakobiri komaliza. Kenako anayankhula atayang'ana pansi. Anati zaka zisanu zapitazo, akazi awo atamwalira, thumba kunalibe. Mayiwo anawapempha ali m'chipatala kuti akagone pafupi ndi amayi awo kumudzi. Anthu anasonkha zimene akanatha, sizinakwane ngakhale theka. Zotsalazo anatenga pa makhadi atatu ndi ngongole ina ya chiwongoladzanja choopsa. Analephera kubweza pa nthawi yake, makalata a khoti anabwera, ndipo mpaka tsiku limenelo anali akubwezabe pang'onopang'ono. Anati anayambitsa thumba kuti wina asadzadutse njira imeneyo. Zoti akaunti ya awiri ingandipake matope awo, sankadziwa, ndipo anapepesa. Iwo kupepesa ine.

Anthu ambiri m'holomo analipo pa maliro a mayiwo. Anaperekeza bokosi, anaimba, koma panalibe anafunsapo kuti ndege inalipiridwa bwanji. Chinsinsi chimene munthu anachisenza yekha zaka zisanu, ine ndinachivula pagulu, pamaso pa ana ndi makapu a tiyi.

Potuluka anandipeza pakhomo. Anati, “Aphunzitsi, mukanangobwera kunyumba. Tiyi ndimakhala naye.”

Lolemba tinakumana ku banki kukatseka akaunti. Anabwera atavala tayi. Tinasayinanso moyandikana, osayang'anizana. Ndalama zinasungidwa kwa abusa podikira akaunti yeniyeni ya gulu, ija tinaithawa chifukwa cha maminitsi. Ine ndinalemba fomu ya chisudzulo, tsamba limodzi, ndinatumiza ku makampani onse osunga mafayilo. Anati ndidikire, ndipo anandilangiza kuti ndisaapulayenso kanthu kwa miyezi ingapo kuti zipsera zija zipole. Miyezi! Ine ndinali ndi masabata atatu.

Masabata amenewo sindikufuna kuwakumbukira. Ndinayesa kubwereka kwa anzanga, koma nditatha kuchita zija m'holo, aliyense ankandiyankha mwaulemu wa patali. Ndinayesa njinga yakapalasa ulendo umodzi mpaka kuseri kwa Oadby kuti ndione ngati n'zotheka. Ndinafika mochedwa ndi ola lathunthu, nditanyowa, ndikupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo, moti gogo amene ndinapita kukamusamalira ndiye anandikhazika pampando n'kundifunditsa bulangete. Manijala anandikumbutsa kawiri, akumwetulirabe. Kumudzi alongo anga anatumiza uthenga wofunsa za fizi ya teremu yatsopano. Ndinkawerenga uthengawo n'kuutseka, kuwerenga n'kuutseka.

Lachisanu lomaliza la Seputembala, chakumasana, belu la pakhomo linalira. Nditatsika ndinapeza bambo Zimba ataima pafupi ndi galimoto yawo yakale yobiriwira, imene chitseko chake chakumbuyo chinkatsekuka ndi pemphero lokha. Anandipatsa makiyi ndi envelopu ya mapepala ake. Anati akusamukira ku Nottingham, ku Hyson Green, kwa mwana wawo wamkazi. Apempha kale kusintha chipatala, ndipo kumeneko kuli tiramu, kasitima koyenda m'misewu ya m'tauni, galimoto sakuifunanso. Inshuwalansi ndidzionere ndekha.

Ndinagwada pamsewu pomwepo, azungu akudutsa. Ndinapepesa, ndinawapempha kuti asasamuke chifukwa cha pakamwa panga. Anati ndidzuke, ndikuchititsa manyazi mtundu. Anati sakuthawa ine, koma sangathenso kukhala m'holo imene aliyense akamawapatsa moni amayamba wawamvera chisoni. Ndinafunsa mtengo wa galimotoyo.

“Mudzalipira mbiri yanu ikakula, aphunzitsi. Panopa ikadali yoyamwa.”

Anakana kuti ndiwaperekeze. Anapita wapansi kukakwera basi.

Ntchito ija sinathe. Lolemba ndinayamba kuzungulira midzi ija pa galimoto ya munthu amene ndinamuvula pagulu, ndipo inandinyamula zaka ziwiri osandisiya panjira ngakhale kamodzi. Dzina lawo linachoka pa fayilo yanga patatha masabata asanu. Mapointi anakweranso, moti lero makampani omwe ankandikana aja amandilembera makalata ondinyengerera ngati ndine mwana wa mfumu. Ndalama ya galimoto ndinaitumiza yonse kudzera kwa mwana wawo. Yankho linabwera la mawu awiri: “Zikomo aphunzitsi.” Ndapitako ku Hyson Green kawiri. Amandilandira, amafunsa za Tadala, timakamba za nyengo. Kuseka kuja ankaseka nane kale, mpaka kugwira khoma, sindinakumvenso.

Tsono inu owerenga, makamaka inu amene mwangofika kumene ndipo mukuyamba kumanga mbiri yanu, tengani khadi laling'onolo, gulirani zochepa, bwezani zonse pa nthawi yake. Zimenezo n'zoona ndipo zimagwira ntchito. Koma dzina lanu musaliike pa pepala limodzi ndi la munthu wina musanafunse kuti pepalalo likumangani chiyani, ngakhale munthuyo akhale woyera mtima ngati bambo Zimba. Za gulu zitsekulireni akaunti ya gulu, maminitsiwo lembani, sapha munthu. Akakukanani kamodzi, imani, itanitsani fayilo yanu muione musanagogodenso pena. Ndipo mukadzapeza dzina la munthu pamene simunaliyembekezere, kumbukirani kuti kompyuta imangodziwa kuti munthu sanabweze; sidziwa chimene anakongolera. Valani jekete, pitani kwawo, mukafunse muli awiri.

Fomu yolekana ndi munthu pakompyuta ndi tsamba limodzi, ndipo ndi yaulere. Fomu yobweza mawu amene wanena pagulu ndaifunsa ku banki, ndaifunsa ku khonsolo, ndaifunsa ngakhale ku positi ofesi. Ndikulumbira, konseko akuti sanayambe kusindikiza.